Kaloko ka pa webusaiti sikakutetezani kwa wakuba

Pa magulu a WhatsApp ku Ndirande, Bangwe ngakhale Machinjiri, malinki olonjeza bandulo yaulere kapena ntchito sasowa. Munthu akadina n'kuona adiresi yoyamba ndi https, mtima umakhala pansi, basi n'kulemba nambala ndi PIN ya Mpamba kapena Airtel Money. Apa ndi pomwe akuba akupezerapo mwayi.

Chilembo "s" chija chimasonyeza kuti webusaitiyo ili ndi satifiketi, yomwe ili ngati chitupa chake. Mabungwe monga DigiCert ndi Let's Encrypt ndiwo amapereka zitupazi, ndipo foni yanu imabwera kale ndi mndandanda wa mabungwe omwe imawakhulupirira. Ikatsimikiza chitupacho, zonse zomwe mukulemba zimabisidwa, moti amene muli naye pa Wi-Fi imodzi sangaziwerenge.

Koma satifiketi wamba imangotsimikiza kuti amene akuyendetsa tsambalo ndiye mwini wa adiresiyo. Za khalidwe lake siyifunsa. Kuyambira 2015, Let's Encrypt imapereka masatifiketi mwaulere. Izi zathandiza mabizinesi ang'onoang'ono, komanso wakuba naye amangotsegula adiresi yofanana ndi ya banki, kusintha chilembo chimodzi, n'kutenga satifiketi yake. PIN yanu imayenda motetezeka ndithu, koma ikukafikira m'manja mwa mbava.

A Google anaona vutoli. Mu 2018 Chrome inayamba kulemba "Not secure" pa masamba opanda https, koma mu 2023 anachotsa kaloko kaja chifukwa anthu ankakatenga ngati umboni woti tsambalo ndi lachilungamo. Opereka masatifiketi nawonso amapunthwa: mu 2011 akuba analowa m'makompyuta a kampani ya DigiNotar ku Netherlands n'kupanga satifiketi yabodza ya Google, ndipo kampaniyo inagwa chaka chomwecho.

Kuno kwathu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 linakhazikitsa Malawi CERT pansi pa MACRA kuti izithana ndi ziwembu za pa intaneti. Komabe lamulo silidzakuwerengerani adiresi pa foni yanu.

Tsono musanalembe kanthu, werengani dzina la webusaiti chilembo ndi chilembo. Foni ikachenjeza kuti satifiketi ili ndi vuto, bwererani. Ndipo PIN ya ndalama ilembedwe pa *444#, *211# kapena pa app yeniyeni ya kampani, osati pa linki yomwe mnzanu wangotumiza pa gulu.