Zotsekemera Zopanda Shuga: Kodi Zimakhutitsa?

M'masitolo mwachuluka zakumwa zolembedwa kuti Zero kapena Diet, komanso timapiritsi tothira mu tiyi m'malo mwa shuga. Ambiri amazigula pofuna kuchepetsa thupi kapena poopa matenda a shuga. Chimene chimatsekemeretsa zinthuzi ndi mankhwala monga aspartame, sucralose ndi saccharin, kapena stevia wochokera ku masamba a chomera cha ku Paraguay. Aspartame amatsekemera kuposa shuga kuwirikiza ka 200, sucralose ka 600. N'chifukwa chake amangothiramo pang'onong'ono, ndipo thupi silipezamo mphamvu zoti n'kunenepa nazo.

Kuti timvetse zimene zimachitika tikamwa zimenezi, tiyambe ndi njala yeniyeniyo. Njala ndi kukhuta zimayendetsedwa ndi mahomoni, timadzi tonyamula uthenga kudzera m'magazi. Chifu chikakhala chopanda kanthu chimatulutsa homoni yotchedwa ghrelin, imene imauza ubongo kuti nthawi ya chakudya yakwana. Chakudya chikafika m'matumbo, maselo ena a m'menemo amatulutsa GLP-1 ndi PYY. Mahomoni awiriwa amachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu ndipo amauza ubongo kuti munthu wakhuta. GLP-1 imathandizanso kapamba kutulutsa insulin, imene imachotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'maselo.

Lilime lili ngati mwana amene waona galimoto itaima pachipata n'kuthamanga kukauza amayi ake kuti kwabwera alendo. Shuga weniweni ndi alendo olowadi m'nyumba: matumbo amawalandira, mahomoni a kukhuta amatuluka, ghrelin imatsika. Zotsekemeretsa zopanda shuga ndi galimoto yongotembenuka n'kumapita. Amayi amva uthenga ndipo adzuka, koma pakhomo palibe munthu. Matumbo nawonso ali ndi tizigawo tomva kutsekemera ngati ta palilime, komabe poyesa anthu zaoneka kuti sucralose kapena aspartame paokha sakweza kwenikweni GLP-1 ndi PYY.

Kafukufuku wa ku University of Southern California, amene anatuluka mu 2025, anaonetsa zimenezi bwino. Anthu 75 anamwetsedwa madzi wamba, madzi a shuga ndi madzi a sucralose pa masiku osiyana. Atamwa sucralose, mbali ya ubongo yoyang'anira njala inagwira ntchito kwambiri, insulin ndi GLP-1 sizinakwere, ndipo anthuwo ankamva njala kuposa tsiku limene anamwa shuga. Koma poyerekeza ndi tsiku la madzi wamba, njala yawo sinasiyane. Tingati zotsekemeretsazi sizibweretsa njala yatsopano, kungoti sizithetsa njala imene ilipo kale.

Palinso mabakiteriya okhala m'matumbo, amene amathandiza kugaya chakudya. Mu 2022, asayansi a ku Weizmann Institute ku Israel anayesa anthu 120 kwa milungu iwiri. Anapeza kuti saccharin ndi sucralose anasintha mabakiteriyawa komanso mmene shuga amakwerera m'magazi, ngakhale kuti kusinthako kunali kosiyana pakati pa munthu ndi mnzake.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, phindu lilipo ndithu. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 chimakhala ndi shuga wokwana magalamu 35, pomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kusapitirira magalamu pafupifupi 50 patsiku, amene ndi timasupuni 12. Wosankha chakumwa chopanda shuga wapewa zonsezo. Vuto limabwera akamadziuza kuti poti wamwa Zero, angathe kuwonjezera mandasi awiri, pomwe mimba nayonso ikupemphabe chakudya. Mu 2023 WHO inalangiza kuti anthu asadalire zotsekemeretsazi pochepetsa thupi, chifukwa phindu lake silioneka pakapita nthawi yaitali. Langizoli silikhudza odwala kale matenda a shuga, amene ayenera kutsatira zimene awauza kuchipatala.

Maganizo athu ndi akuti zotsekemeretsa zingathandize munthu amene akuvutika kusiya zakumwa za shuga, koma asazitenge ngati mankhwala a njala. Kukhuta kumachokera ku chakudya chimene matumbo amachizindikira: nyemba, mtedza, mazira, usipa, ndiwo zamasamba ndi nsima ya mgaiwa. Zakudya zomanga thupi ndi zamagaga ngati zimenezi zimadzutsa GLP-1 ndi PYY. Ndipo ngati mumathira masupuni anayi a shuga mu tiyi, yambani kuthira atatu, kenako awiri. Lilime limazolowera pakapita milungu ingapo, ndipo njira imeneyi siifuna kugula chilichonse.