Ku Iquitos, Mlendo Ayambe Wakhala Wophunzira

Ambiri a ife tikamakamba zokagwira ntchito kunja, timaganiza za London kapena Johannesburg. Koma kunja ndi ku Iquitos komwe, mzinda wa ku Peru womwe uli pakati pa nkhalango ya Amazon, komwe mpingo wathu uli ndi chipatala chotchedwa Clínica Adventista Ana Stahl. Kodi munthu wokakhala kumalo otere amazolowera bwanji? Ife tikuti amazolowera yekhayo amene wavomera kuphunzira asanayambe kuphunzitsa.

Phunziro loyamba amapereka ndi mtsinje. Palibe msewu wolumikiza Iquitos ndi mizinda ina ikuluikulu ya Peru. Msewu womwe ulipo ndi wa makilomita pafupifupi 100 ndipo umathera m'tauni ya Nauta. Amene alibe ndalama ya ndege amakwera ngalawa ku Pucallpa kapena ku Yurimaguas, n'kuyenda masiku angapo akugona pa nsalu yolimba yomangirira uku ndi uku. Cha mu Epulo ndi Meyi madzi amakhala atadzaza, pomwe cha mu Seputembala amatsika ndi mamita pafupifupi 10. Ku Belén, mbali ina ya mzindawu, nyumba amazimanga pa nsanamira zazitali kapena pa mitengo yoyandama, ndipo pomwe anthu amayenda pansi m'chilimwe amadutsapo ndi bwato madzi akakwera. Mlendo wokakamira kuti zonse ziyende pa nthawi yake sachedwa kulongedza katundu.

Kwa ife Amalawi msampha wake ndi wina. Tikamva za kutentha, udzudzu, nsomba, chinangwa ndi mabwato, tikhoza kunena kuti zonsezi tinakula nazo. Safunsa anadya phula. Ife tinazolowera kuti neti imatiteteza usiku, koma udzudzu wofalitsa dengue, matenda omwe amavuta ku Iquitos, umaluma masana. Chinangwa tikuchidziwadi, koma kumeneko amapangira chakumwa chotchedwa masato, chomwe amalandirira alendo m'midzi, ndipo chikakhalitsa chimasasa n'kukhala choledzeretsa. Wa Adventist sangamwe choledzeretsa, komanso sayenera kunyozetsa amene amulandira. Kakanidwe kaulemu sangakapeze m'buku, ayenera kufunsa eni dera.

Chinthu chachikulu ndi chinenero. Mumsika, m'kalasi ndi m'tchalitchi amalankhula Chisipanishi, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje muli mitundu ngati Akukama yomwe ili ndi zinenero zawozawo. Kuyambira 1988, bungwe la FORMABIAP lakhala likusula aphunzitsi ochokera m'mitundu imeneyi kuti ana aziphunzira m'chinenero chakwawo pamodzi ndi Chisipanishi. Ngati eni dziko aona kuti mwana samva bwino phunziro m'chinenero chachilendo, mlendo ndiye angapite kuti ndi Chingerezi chake chokha? Ife ophunzira zauphunzitsi tikudziwa mmene mwana wa Sitandade 1 amazunzikira mphunzitsi akamalankhula zomwe iye sakumva.

Ena anena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo munthu sawoloka nyanja kuti akangokhala phee. N'zoona, luso lomwe watenga likufunika. Koma kalumo kamameta bwino mwini mutu akavomera kukhala pansi. Makolo amapereka ana awo ndi mtima wonse kwa mphunzitsi amene amuona akudya nthochi zophika ndi nsomba pakhomo pawo, amene amapita kumaliro awo, amene amalola kusekedwa akaphonya mawu. Amene amathera madzulo onse pa WhatsApp ndi abale akwawo, thupi lake lili ku Iquitos koma iye sanafike.

Sitikunena kuti kusowa kwathu ndi tchimo. Nsima idzasowa ndipo mtima udzapweteka. Tikunena kuti mankhwala ake ndi anansi, osati foni yokha. Choncho amene akulakalaka ulendo wotere ayambe lero kuphunzira Chisipanishi ndi kuwerenga za dera lomwe akufuna kupita. Akafika, miyezi yoyamba aisandutse yofunsa mafunso, ngakhale kwa mwana wopalasa bwato. Satifiketi idzamupatsa ntchito, koma malo pakati pa anthu adzamupatsa ndi anthuwo.