Munamuseka Namoko ali moyo, misozi ya lero ndi ya chiyani?

M'boma la Phalombe muli mkangano umene umabuka paliponse pamene pali sipika. Pa ukwati ku Migowi, pa msika wa Chiringa, m'minibasi yochokera ku Limbe, zimangofanana. Wina akangoika "Lameki" ya Allan Namoko, anthu amagawikana pawiri. Akuluakulu amadzuka, mapewa n'kuyamba kugwedera, kwinaku akunena kuti izi ndiye zinali nyimbo, osati phokoso la masiku anoli. Achinyamata amakwinya nkhope n'kumakuwa kuti zachikale zichoke, pabwere amapiano. Ine sindili pakati. Nyimboyi ndimaikonda ndi mtima wanga wonse, ndipo ndimaiyesa imodzi mwa ntchito zazikulu zimene dziko lino linatulutsapo. Koma mkwiyo wanga lero ukupita kwa a mbali yanga yomwe, inu akuluakulu anzanga amene mwasandutsa Namoko chikwapu chokwapulira ana.

Tiyambe ndi mwini nyimbo. Allan Namoko anali Mlomwe wa ku Thyolo, munthu wosaona, woimba banjo, mtsogoleri wa gulu la Chimvu River Jazz Band. Ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Mawu ake anali okhakhala, otuluka pansi pa chifuwa, opanda mafuta alionse owasalazira. Banjo inkathamanga, ng'oma inkagunda pambuyo, anzake ankavomera, ndipo zonsezo pamodzi zinkamveka ngati za pabwalo, osati za mu situdiyo. Amene anakulira kuno akudziwa mmene banjo ya kumudzi imabadwira: chigubu cha mafuta kapena mphika wakale, chikopa cha mbuzi chokokedwa n'kukhomedwa ndi timisomali, thabwa losemedwa ndi kasemasema, mawaya ochotsa ku mabuleki a njinga. Woimba amaikunga ndi khutu lake, chikopa chikalefuka amachiwamba pamoto mpaka chiyambenso kulira bwino. Maimbidwe a Namoko anachokera m'sukulu imeneyo, ndipo iye anawafikitsa pamene ena onse analephera kufika.

Tsopano funso langa ndi ili: munthu ameneyu ali moyo, munkamuyesa ndani? Tisanamizane. M'zaka zimenezo, pamene wailesi m'dziko muno inali MBC yokha, munthu amene ankafuna kuoneka wotsogola sankatchula Namoko. Aphunzitsi, akalaliki a m'maofesi ndi onse ovala tayi ankanyadira Jim Reeves ndi Don Williams, rumba ya ku Zaire ndi simanjemanje ya ku South Africa. Banjo inali ya ku masese, ya osaphunzira, ya anthu a m'minda ya tiyi. Inkamveka pawailesi inde, anthu ankavina inde, koma ulemu sinkapatsidwa. Chilomwe chenichenicho anthu ankachibisa. Ana a ku Phalombe akapita ku sekondale ku Blantyre kapena ku Zomba ankaopa kuti anzawo awamva akulankhula ndi agogo awo, n'kuwaitana ndi dzina lonyoza. Namoko ankaimba chinenero chimene eni ake ambiri ankachita nacho manyazi, ndipo ankachiimba mokweza. Anamwalira mu 1995 wopanda chuma chofanana ndi dzina lake. Amene lero akumutcha katswiri, ambiri a iwo sanamuponyerepo ngakhale tambala m'mbale.

Khalidwe limeneli si la dzulo, ndipo silinagwere Namoko yekha. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anali anyamata oimba m'misewu mpaka pamene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anayamba kuwajambula mu 1967 n'kuwatsegulira njira ya ku Ulaya. Chimbale cha Namoko cha "Ana Osiidwa" chinatuluka mu 1992 kudzera ku Pamtondo, kampani yaing'ono ya Dr John Lwanda ku Scotland. Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anayenda ndi gitala lawo zaka makumi angapo anthu akuwaona ngati nkhalamba yoseketsa basi. Mu 2016 anakaimba ku America, mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kujambula nawo nyimbo zawo zakale, "Linny Hoo" n'kufalikira pa TikTok dziko lonse lapansi, ndiye ife n'kudzidzimuka kuti tinali ndi chuma pakhomo. Madalitso Band, anyamata awiri a gitala ndi babatoni amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe, anayamba kutchulidwa ndi ulemu kuno atakwera ndege kukaimba ku Zanzibar ndi ku Ulaya. Woimba wa kumudzi timamulemekeza pa zifukwa ziwiri zokha: mzungu akamuombera m'manja, kapena akalowa m'manda.

Ndiye onani zimene zikuchitika pamaso pathu. M'zaka zaposachedwapa Phalombe watulutsa Gibo Pearson, mnyamata amene nyimbo yake ya "Izathera ma Penalty" inafika m'makona onse a dziko lino. Kodi inalandiridwa bwanji poyamba ndi anthu a m'tauni ndi ophunzira athu? Ndi chiseko. Ankaseka kavalidwe, ankaseka kavinidwe, ankaseka mavidiyo ojambulidwa pakati pa nyumba za udzu, ankaseka kalankhulidwe ka kwathu kuno. Mawu awo anali omwe aja amene Namoko anawamva: zachimidzi, zopanda nzeru, za a kabaza. Ndipo chondiwawa n'chakuti pakati pa osekawo panali akuluakulu omwewa amene amalira kuti nyimbo za kwathu zinatha. Sizinathe. Zili pa Migowi, zili pa Nambazo, zili m'timasitudiyo ta chipinda chimodzi mmene mnyamata wa kompyuta yakale akupanga nyimbo zimene mudzi wonse ukuvina. Zida zasintha, banjo yalowedwa m'malo ndi kiyibodi, koma mzere wake ndi womwewo: munthu wosauka akuimbira osauka anzake za moyo wawo, m'chinenero chawo, osapempha chilolezo kwa aliyense. Sindikunena kuti Gibo ndi Namoko, ayi. Nthawi ndi imene idzaweruze zimenezo. Ndikunena kuti amene akumuseka lero alibe ufulu wolirira Namoko, chifukwa akubwereza tchimo lomwe lija.

Kulakalaka zakale si mlandu, ndipo sindikufuna kuti wina andimve molakwa. Nyimbo imasunga zimene mutu sungathe kusunga. Anthu a boma lino aika m'manda abale ambiri nthawi imodzi: napolo wa mu March 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi, ndiponso namondwe wa Freddy mu March 2023. Mayi amene mwamuna wake anapita ndi madzi, akamva banjo ija amaonanso bwalo limene ankavinapo ali mtsikana, amaonanso nkhope zimene kulibenso. Misozi yake ndi yoona, ndipo mwana amene angamuseke ndi wosaleredwa. Koma tivomereze kuti chimene chimatigwira pakhosi nthawi zambiri ndi unyamata wathu, makolo athu, mudzi mmene unalili. Mwana wobadwa mu 2005 alibe zimenezo m'nyimboyo. Iye akumva banjo ndi mawu okhakhala basi. Kumukalipira kuti alibe khutu chifukwa sakumva zimene inu mukumva ndi kumulamula kuti akumbukire zimene sanazione.

Komanso kale limene tikulitamandalo tikulisefa. Tikukumbukira Namoko, a Kachamba, Alleluya Band ya Paul Banda ku Balaka, koma taiwala nyimbo zambirimbiri zozizira zimene zinkamveka tsiku ndi tsiku n'kufa zokha. Taiwala kuti kuyambira mu 1968 kunali lamulo lounika ndi kuletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo woimba ankayamba wayang'ana kumbuyo asanatsegule pakamwa. Taiwala kuti nthawi yaikulu ya pawailesi inkapita ku nyimbo zotamanda mtsogoleri mmodzi. Tikutenga zabwino zochepa zimene zinapulumuka pa zaka makumi atatu n'kuziyerekeza ndi chilichonse chimene chatuluka sabata ino. Muyeso wotero ndi wachinyengo, ndipo ana akuuona.

Inunso achinyamata musaganize kuti mwapulumuka. Kusaikonda "Lameki" ndi ufulu wanu, palibe amene angakukakamizeni kuvina. Koma kukonda ndi kwina, kunyoza ndi kwina. Mukamati nyimboyi ndi yachimidzi, mukulankhula ndi pakamwa pa anthu omwe aja amene amasekanso oimba anu. Ndipo mukudzimana nokha. Amapiano amene mukuwakondawo sanagwe kumwamba. Anyamata a ku Pretoria ndi Johannesburg anawaumba kuchokera ku kwaito ndi nyimbo zina za akuluakulu awo. Burna Boy wa ku Nigeria sachita manyazi kutapa kwa Fela Kuti, ndipo dziko lonse likumuvinira. Inu muli ndi tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014. Muli ndi kagundidwe ka banjo ya Namoko kamene kulibe kwina kulikonse. Mukakopera za ku South Africa ndendende, mudzakhala achiwiri mpaka kalekale, pakuti eni ake adzakuposani nthawi zonse. Chimene wina aliyense sangakulandeni ndi chimene mukuchikanacho. Khalani pansi, mverani nyimboyo mpaka kumapeto kamodzi kokha, mumve mmene banjo ikuyankhirana ndi ng'oma, kenako mukane mukudziwa chimene mukukana.

Tsopano tifike pa ndalama, pakuti chikondi chenicheni chimaonekera pamenepo. Pitani pa malo alionse obenera nyimbo pa msika. Mnyamata wakhala kuseri kwa kompyuta ya fumbi, sipika ili pakhomo, inu mukumupatsa memori khadi ndi kandalama kochepa, iye n'kukudzazirani nyimbo mazanamazana. Mufoda yolembedwa kuti zakale muli Namoko yense, Kachamba yense, ntchito ya moyo wonse wa munthu ikusamuka m'kamphindi kochepa. Mwa ndalama imene mwaperekayo, ndi ingati imene ikafike kwa ana ndi adzukulu a woimbayo? Dziko lino lili ndi bungwe la COSOMA kuyambira mu 1992, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsa msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo kuti oimba azipezapo kanthu. Ndi njira yabwino. Koma njira imeneyi imayendeka ndi amene ali ndi mapepala, amene analembetsa ntchito zake, amene akudziwa khomo logogoda. Mabanja a oimba a kumudzi amene anamwalira kalekale ndi amene savuta kutsalira. Inu amene mumati mumakonda Namoko, munayamba mwafunsapo ngati a kwawo amalandira kanthu nyimbo yake ikalira pawailesi? Ngati simunafunsepo, ndiye kuti chimene mumakonda ndi kukoma kwa m'makutu mwanu, osati munthuyo.

Zoyenera kuchita zilipo, ndipo si zovuta. A COSOMA asadikire kuti amasiye a kumudzi apeze okha njira ya ku Lilongwe, apite kukawafuna. A MBC, amene anajambula oimba ambiri a nthawi imeneyo, asamale zimene ali nazo n'kuzitulutsa kuti anthu azimve, zolembedwa bwino mayina a oimba ndi zaka zake. Tikachedwa tidzapezeka tikukapempha mawu a makolo athu kunja, monga mmene zilili ndi nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula kuno m'zaka za m'ma 1950, zimene zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Mawailesi a m'madera aleke kutsekera nyimbo zakale m'kapulogalamu kamodzi ka pa sabata ngati za odwala, aziziika pakati pa zatsopano masana dzuwa likuswa mtengo. A Mulhako wa Alhomwe, amene amasonkhanitsa khwimbi la anthu pa Chonde chaka ndi chaka, apereke malo aulemu kwa oimba banjo amene adakali moyo, awalipire ngati akatswiri, osati kuwapatsa chakudya ndi thiransipoti basi. Aphunzitsi a m'sukulu za boma lino atchule Namoko m'kalasi ndi ulemu umene amatchulira olemba mabuku.

Ndipo inu akuluakulu anzanga, pa ukwati wotsatira, nyimbo yanu ikatha n'kubwera ya ana, musakhale pansi ndi nkhope yonyansidwa. Mwana amene mwamunyozera nyimbo yake sadzamvera yanu. Funsani dzina la woimbayo, funsani kwawo. Mukapeza kuti ndi wa kuseri kwa Michesi, mwana wa mlimi wa nandolo ngati inu nomwe, lowani m'bwalo mukafupe, ndipo mukamva kuti akuimba pafupi, kalipireni pakhomo. Namoko tinamulakwira, ndipo iye sitingamubwezerenso kanthu. Koma oimba a kwathu amene ali moyo akufuna ulemu ndi ndalama zawo lero, akadali ndi makutu omvera ndi ana oti adyetse. Apatseni tsopano.