PANSI PA MICHESI: Azakhali abwerako kwa eni mikanda

Sabata ino za ndale ndaziika padera kaye. Ndili ndi nkhani ya azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene amatunga mikanda ndi kugulitsa pano pa Phalombe Boma. Dzina sinditchula, angandimane nsima.

Azakhaliwa ali ndi mwana wamkazi, msuweni wanga, amene ndi namwino ku England. Atavutika ndi mapepala kwa miyezi, anawaitanitsa mayi akewo kuti akaone zidzukulu, ndipo tchuthi chitakwana anawatengera ku Italy, ku mzinda wa Venice, kukagonako masiku asanu. Tsiku lobwera tonse tinasonkhana pakhonde kudikira chikwama. Ena amayembekeza nsapato, ine ndimayembekeza foni. Koma mayi aja anangomasula kampango, natulutsa kamkanda kamodzi ka galasi, kakukula ngati nzama, n'kukaika pa mphasa.

"Mwana wa achimwene, iwe umalemba m'nyuzi," anatero. "Kafunse anthu ako kuti ine zaka zonsezi ndakhala ndikugulitsa chiyani."

Tisanafike pa funsolo, imvani kaye za mzindawo. Azakhali ndi munthu woopa madzi, ndipo sindikuwaseka. Mu March 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ndi anthu mazanamazana, iwo anali mtsikana ndipo anaona ndi maso. Mu March 2023 Freddy anadzatikumbutsanso. Ndiye munthu wotereyo mukumutsitsa basi pamalo pamene msewu wathera, n'kumuuza kuti kuchokera pano galimoto kulibe, njinga kulibe, kabaza kulibe. Ati anagwira mkono wa mwana wawo ngati akuwoloka Phalombe atadzaza.

Venice anamangidwa pa tizilumba toposa 100, tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400. Nyumba zake zinakhala pa mitengo imene anaikhomera m'matope zaka mazana apitawo. M'malo mwa misewu muli ngalande. Basi ndi boti, ambulansi ndi boti, apolisi ali pa boti, otola zinyalala ali pa boti, ngakhale maliro amayenda pa boti. Kuli timabwato takuda tokongola totchedwa gondola tonyamula alendo, koma azakhali atamva kuti theka la ola ndi 90 euro anakana kwamtuwagalu. Ati ndalama imeneyo pa nyanja ya Chilwa akhoza kukupalasa mpaka utadwala mutu.

Madzi amawavuta nawonso. Mu November 2019 nyanja inakwera mpaka 187 cm, n'kulowa m'masitolo ndi m'matchalitchi. Kuyambira mu 2020 ali ndi zitseko zachitsulo zimene amazidzutsa pakamwa pa nyanja madzi akafuna kusefukira. Azakhali atamva zimenezi anangoti, "Anzathu napolo wawo anamuikira chitseko."

Monga munthu wa mumsika, m'mawa wachiwiri anakakamiza kuti awaperekeze ku msika wa Rialto, umene wakhala pamalo amodzi zaka zoposa 900. Ndiwo zamasamba ndi nsomba zimafika pa boti m'bandakucha, anyamata n'kumazikoka pa tingolo, kukwera ndi kutsika masitepe a milatho. Pakhoma la msika wa nsomba pali mwala wakalekale wolembedwa msinkhu wa nsomba iliyonse yololedwa kugulitsidwa. Inu ogulitsa matemba ndi usipa, amene mukuona m'mene nsomba zikucheperachepera chifukwa cha kukokera ndi maneti a udzudzu, mfundo imeneyo muisunge.

Koma chimene chinawasowetsa tulo anachipeza tsiku lachitatu pa chilumba cha Murano, mphindi zochepa pa boti. Kumeneko ndiye kwa eni galasi. Mu 1291 akuluakulu a Venice analamula kuti ng'anjo zonse za galasi zisamukire ku Murano poopa moto mumzinda. Amisiri ake ankalemekezedwa zedi, koma sankaloledwa kuchoka m'dzikomo ndi luso lawo. Analisunga ngati m'mene mayi amasungira mbewu ya nandolo.

Azakhali analowa m'kanyumba kena n'kupeza mayi wa msinkhu wawo atakhala pa mpando, kutsogolo kwake kuli lawi la moto. Dzanja lina wagwira kandodo ka galasi, lina kawaya. Galasi lija likasungunuka amalikulunga pa kawayako, kutembenuza, kudonthezera mtundu wina, kutembenuzanso, mpaka mkanda wabadwa. Chizungu cha azakhali ndi cha Sitandade 5, Chitaliyana ndiye zero, koma ati anamvana bwinobwino. Iwo anatulutsa mkanda wa m'khosi umene anatunga okha kuno, mayi uja anaupenda, nawerenga mizere ndi chala, n'kugwedeza mutu. Manja amadziwana, abale.

Msuweni wanga ndiye ankawamasulira zolembedwa m'nyumba yosungiramo zakale za galasi pa chilumbapo. Kumeneko anamva za amayi a ku Venice otchedwa impiraresse, amene kale ankakhala pakhomo ndi kathireyi ka thabwa pamiyendo, kutunga timikanda ting'onoting'ono ndi masingano ataliatali, kulandira malipiro ochepa. Azakhali akuti anaona chithunzi chawo n'kudziona okha. Ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO linaika luso la mikanda ya galasi la ku Italy ndi ku France m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi.

Tsono apa mpamene nkhaniyi ikufika pakhomo pathu. Mikanda imene amayi aja ankatunga sinkathera ku Italy. Inkakwera zombo, ndipo yambiri inkatsikira ku magombe a Africa. Amalonda ochokera kunyanja yamchere ankalowa nayo kumtunda kuno pamodzi ndi nsalu ndi mfuti, n'kusinthanitsa ndi minyanga ya njovu, nthawi zina ndi anthu. Mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, umene ndikuuona ndili pakhonde pano, unali njira ya malonda a akapolo, n'chifukwa chake atsamunda anamangapo Fort Lister mu 1893. Ndiye kuti mkanda ndi ife tinadziwana kale, ndipo pa malonda oyambawo amene anapusitsidwa mtengo ndi ife. Tinapereka njovu ndi abale athu, tinalandira galasi.

Lero zinthu zatembenuka koma kupusa kwa mtengo sikunatichoke. Kamkanda kamodzi kamene azakhali anagula ku Murano, ati ndalama yake ikuposa imene amalandira akagulitsa mkanda wathunthu wa m'chiuno, umene amautunga masiku awiri maso akuwawa. Ndiye funso lawo lija ndi ili: kodi iwo akhala akugulitsa luso, kapena akhala akungobweza ndalama ya ulusi ndi mikanda yopikula ku Limbe?

Inu amalonda mukudziwa m'mene zimakhalira. Kasitomala afika, agwira, akwinya nkhope. "Tsitsaniko mayi." Mwatsitsa. "Pajapa ndaona wotchipa." Mwatsitsanso. Pomaliza apempha basela. Mtengo wa dengu, wa mphasa, wa mtondo, wa mbaula ya wokhoma zitini, timauwerenga ngati wa tomato amene aola mawa. Tiwerenga bango, mlaza, lata, thiransipoti ndi tikiti ya msika. Masiku amene munthu wakhala chowerama sitiwawerenga, ngati manja anangotola panjira.

Musaganize kuti ku Venice kulibe mpikisano wa katundu wotchipa. Azakhali akuti m'misewu ya alendo masitolo adzaza ndi tigalasi ta m'fakitale tochokera kunja, tonamizira kuti n'ta ku Murano. Nkhani yake ndi yomwe ija ya mpunga wosakaniza umene ena mwa inu, musandiyang'ane choncho, mumautcha Kilombero. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathuwo anachitapo kanthu. Mu 1994 boma la chigawo chawo cha Veneto linakhazikitsa chizindikiro cha Vetro Artistico Murano. Katundu weniweni amamatidwa kachidindo kokhala ndi nambala ya amene wapanga. Wofuna chotchipa amagula chotchipa, palibe womuletsa. Koma wofuna chenicheni amadziwa pochipeza, ndipo amalipira osanenerera.

Kunonso dzina limagulitsa, kungoti sitilabadira. Munthu amagula kapu ya ku Dedza Pottery chifukwa cha dzina. Khofi wa ku Mzuzu chimodzimodzi. Ndipo musati ntchito ya Mmalawi singaime pa bwalo la azungu: mu 2015 Samson Kambalu, mwana wa kuno, anaonetsa ntchito zake pa chionetsero chachikulu cha luso cha Venice Biennale mumzinda womwewo. Koma dengu la ku Phalombe likafika ku Blantyre limasanduka dengu basi. Woluka sadziwika, mudzi sudziwika, phindu latsala ndi wopikula.

Pali chinanso chimene tiyenera kuuzana mosapsatira. Dzina silithandiza ngati chopangira chatha. Alendo okwera phiri la Mulanje akhala akugula timabokosi tonunkhira ta mkungudza kwa osema ziboliboli kwa zaka zambiri. Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri limeneli lokha. Koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha itatsala. Inapita ndi macheka, matabwa ake n'kugulitsidwa. Mbande zabzalidwa zambirimbiri, koma mkungudza si chimanga choti ukolola chaka chomwecho. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse. Alendo akachuluka, tidzawagulitsa chiyani? Anzathu a ku Murano anatsekera luso lawo pa chilumba kuti lisathawe. Ife chuma chathu tinachitsitsa m'phiri pamutu, usiku.

Sindikuti ku Venice zonse ndi uchi. Alendo achuluka mpaka eni mudzi akuthawa kukwera kwa lendi. Cha m'ma 1950 pakati pa mzindawo pankakhala anthu oposa 170,000, koma pofika 2022 anatsika osakwana 50,000. Mu 2024 anayamba kulipiritsa alendo ongobwera tsiku limodzi 5 euro pa masiku ena otanganidwa. Azakhali akuti usiku, magulu a alendo atachoka, mawindo ambiri amakhala a mdima ngati mudzi wa maliro. Walira mvula walira matope.

Ndipo ndikudziwa chimene ena mukunena: "Iwe mtolankhani, kasitomala wa pa Phalombe si mzungu, ndalama ya sopo ikumuvuta." Zoona. Inenso ndinawauza azakhali chomwecho. Yankho lawo analionetsa pa benchi. Katundu amugawa pawiri. Kumanzere kuli mikanda ya pulasitiki yopikula, mtengo wake wa masiku onse, nenererani m'mene mungathere. Kumanja kuli yotunga okha, ya galasi, ya mizere imene anaphunzira kwa agogo. Uliwonse aumangirira kapepala kolembedwa dzina lawo ndi mawu akuti Phalombe, kamene mdzukulu wawo wa Fomu 2 amalemba ndi bolopeni. Mtengo akweza, basela palibe. Ndipo asiya kutungira kunyumba. Amatungira pamsika pomwepo, kuti wogula aone yekha kuti mzere umodzi umadya nthawi yotani.

Zikuyenda? Ndisakunamizeni. Sabata zoyamba anthu amangogwira n'kusiya. Anzawo a mabenchi oyandikana awapatsa dzina loti "a ku Italy", ndipo akamadutsa amawafunsa ngati lero abwera pa boti. Masiku ena amaweruka atagulitsa ya kumanzere yokha. Koma mayi wina wokonzekera ukwati wa mwana wake anabwera kuchokera ku Migowi atagwira kapepala kaja, kufunafuna mwini dzina. Anachita kufunsa benchi ndi benchi. M'zaka zonse zimene azakhali akhala pamsika, aka kanali koyamba munthu kuwafuna iwo, osati kungofuna mkanda. Panopa akutunga yoti akagulitse ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo akuti kumenekonso satsitsa.

Ndiye inu a makomiti a misika, m'malo mongokangana za malo ndi matikiti, bwanji osakhala pansi ndi oluka, osema, oumba ndi okhoma zitini a m'dera lanu n'kugwirizana kachizindikiro kamodzi? Katundu wa m'mafakitale ali ndi chidindo cha Malawi Bureau of Standards. Wa manja angayambe ndi kapepala ndi bolopeni. Ndipo inu opikula, mukafika kumudzi funsani dzina la amene wapanga, mukalitchule kwa kasitomala m'tauni. Simuluza kanthu, mwinanso mtengo ukwera.

Kamkanda ka ku Murano kaja azakhali sakugulitsa. Akapachika pa msomali pamwamba pa benchi. Wina akayamba nyimbo ija ya "tsitsaniko mayi", iwo amangokaloza ndi singano n'kupitiriza kutunga.

Foni ija sindinalandire. Tionana sabata ya mawa, Mulungu akalola.