Mdima wa ku Mtandire sukuchokera ku Shire

A Mkonzi,

Bungwe logawa magetsi lomwe mwini wake ndi boma siliyenera kuchita ngati sitolo yosankha wogula poyang'ana thumba lake, chifukwa mapolo ndi mawaya ake adagulidwa ndi misonkho komanso ngongole zomwe akubweza ndi Amalawi onse, a ku Mtandire omwe.

Thiransifoma, chipangizo chotsitsa mphamvu ya magetsi a m'mawaya akuluakulu kuti alowe m'nyumba osatentha katundu, idapsa m'dera lina la Mtandire masabata atatu apitawo, ndipo mwini kalatayi, yemwe amadyetsa banja lake powotcherera zitseko ndi mafelemu a mawindo, wapita kale kanayi ku ofesi yolandira madandaulo. Ulendo woyamba adapatsidwa nambala ya dandaulo, wachiwiri adauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta, wachitatu nambala ija siidapezeke m'kaundula, ndipo wachinayi adakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka osaonana ndi bwana. Eni ntchito adzatenga zitsulo zawo, mwininyumba akufuna lendi, chikhalirecho mayunitsi amene adagula ali chigonere m'mita, ndalama zake bungweli lidalandiriratu. Bambo wa ana sayenera kunyozedwa chotero.

Pamene namondwe wa Ana adawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, anthu adapirira chifukwa ngoziyo idali yoonekeratu. Lero chifukwa chotere palibe. Chiyambire 2017, kupanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire ndi ntchito ya EGENCO, moti chomwe chidatsala kwa bungwe logawa magetsi lija ndicho kuwafikitsa kwa anthu, ndipo kukada nyali za ku Area 47 zimawala poyera, pamene oyandikana nawo akupapasa machesi.

Chigayo chidaima, kotero amayi akusenza chimanga kukagayitsa kutali. Ometa tsitsi atseka. Ana a sukulu akuwerengera kandulo m'nyumba zothithikana, momwe moto ukabuka galimoto yozimitsa singapeze polowera. Ngakhale mabanja ochepa amene ankaphikira magetsi abwerera ku mbaula, ndipo makala ambiri a mu mzinda uno amachokera ku Dzalanyama, nkhalango yomwe ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe. Palinso waya wolendewera pafupi ndi njira ya ana, amene adanenedwa kalekale, komanso mabanja amene adalipira kuti alumikiziridwe magetsi koma akungosunga malisiti.

Chonde, thiransifoma ina ibwere sabata ino, wayayo amangidwe, ndipo mkulu wa ofesiyo adzafotokoze yekha pamaso pa mafumu a m'derali chomwe chachedwetsa ntchitoyi. Nalo bungwe la MERA, lomwe limavomereza mitengo ya magetsi, lifunse masiku amene dandaulo la ku Mtandire limatenga lisadavomerezenso kukweza mtengo.

Wodandaula,
Mtandire, Lilongwe