Wagula kapena wabwereka? Mkangano wa makampani a magemu ndi makasitomala awo

Pa 31 Malichi 2024 kampani ya Ubisoft ya m'dziko la France idazimitsa makina omwe ankayendetsa gemu ya mpikisano wa galimoto yotchedwa The Crew, ndipo kuchokera pamenepo ogula sadathenso kuitsegula mwa njira yovomerezeka ndi kampaniyo. Amene adagula kudzera pa intaneti ndi amene adakagula chimbale m'sitolo adagwa m'mbuna imodzi. Chimbale chilipo, makina osewerera alipo, ndalama zidalipidwa zonse, koma katunduyo adafera m'manja mwa eni ake.

Kwa ambiri a ife amene tidakulira pa bawo ndi mpira wachikulunga, nkhaniyi ingamveke ngati ya ana osowa chochita. Koma malonda a magemu padziko lapansi tsopano amabweretsa ndalama zoposa za malonda a nyimbo ndi za nyumba zoonetsera kanema kuziphatikiza pamodzi, ndipo funso limene mkanganowu wadzutsa lafika kale m'nyumba za malamulo ndi m'mabwalo a milandu: munthu akalipira katundu wa pakompyuta, kodi wagula kapena wabwereka?

Gemu ya The Crew idatuluka mu Disembala 2014. Idakonzedwa mwakuti ngakhale munthu afune kusewera yekha m'nyumba mwake, makina ake ankayenera kulumikizana ndi makompyuta a kampani, omwe amatchedwa maseva. Pa 14 Disembala 2023 Ubisoft idalengeza kuti yasiya kugulitsa gemuyi ndipo izimitsa masevawo pakutha pa Malichi, ponena kuti pali mavuto okhudza makinawo komanso ziphaso za zinthu zina za m'gemumo. Ogula adapatsidwa miyezi itatu ndi theka yotsanzikana ndi katundu wawo. Mu Epulo 2024 ambiri adadzidzimuka kupeza kuti ngakhale chilolezo chawo chachotsedwa pa mndandanda wa magemu omwe adagula.

Anthu awiri a m'chigawo cha California ku America atakasuma mu Novembala 2024, maloya a kampaniyi adayankha mosapsatira kuti ogulawo sadagule gemu ayi, koma chilolezo chokhala ndi malire choigwiritsira ntchito, ndipo izi zidalembedwa pa chikuto. Mwalamulo yankholi likhoza kukhala ndi maziko. Vuto lili poti mawu aakulu amene wogula adaona m'sitolo ndi pa intaneti adali oti "gula", pomwe mawu oti akungobwereka adali m'zilembo zing'onozing'ono za mgwirizano wautali umene ndi anthu ochepa okha amauwerenga. Kampani ikamagwiritsa ntchito mawu ena polandira ndalama ndi mawu enanso poyankha mlandu, wogula sangalakwe kuganiza kuti adapusitsidwa.

Chidaonjezera mkwiyo n'choti mu Januwale 2024, masiku a The Crew akuwerengeka, mkulu wina wa Ubisoft, a Philippe Tremblay, adauza atolankhani kuti malonda olipira mwezi ndi mwezi adzakula pokhapokha osewera atazolowera kusakhala eni ake a magemu, monga adazolowerera pa nyimbo ndi makanema. Iwo ankafotokoza za msika, sankaopseza munthu. Koma mawu oterewa akatuluka pakamwa pa wogulitsa pa nthawi imene akulanda katundu wa anthu, samveka ngati kufotokoza.

Mu Epulo 2024 a Ross Scott, mzika ya dziko la America imene imakonza makanema a pa YouTube, adayambitsa kampeni yotchedwa Stop Killing Games. Pempho lake ndi laling'ono kusiyana ndi momwe otsutsa amalinenera. Silikakamiza kampani kuyendetsa maseva mpaka kalekale, koma likuti ikafuna kusiya, isiye gemuyo ikadali yotheka kuseweredwa popanda thandizo lake. M'maiko a mgwirizano wa European Union muli lamulo loti nzika zokwana 1 miliyoni za m'maiko osachepera asanu ndi awiri zikasainira pempho m'miyezi khumi ndi iwiri, komiti yaikulu ya mgwirizanowu imayenera kulimva ndi kuliyankha, ngakhale kuti sikakamizidwa kupanga lamulo. Chiwerengerochi chidapitirira mu Julayi 2025, ndipo maina ataunikidwa, oposa 1.2 miliyoni adapezeka ovomerezeka. Nayo nyumba ya malamulo ya ku Britain idakambirana pempho lofanana nalo mu Novembala 2025.

Makampani nawo ali ndi mbali yawo imene siyenera kunyozedwa. Bungwe lawo la Video Games Europe lidati kuyendetsa maseva kumadya ndalama zambiri, kuti maseva oyendetsedwa ndi anthu wamba sangateteze zinsinsi za osewera kapena kuletsa zinthu zosaloledwa, komanso kuti lamulo loterolo lingakweze mtengo wopangira magemu. N'zoonanso kuti galimoto ndi nyimbo za m'gemu ngati The Crew zimakhala za makampani ena, ndipo ziphaso zake zimatha. Komabe Ubisoft yomweyo, itaona mkwiyo wa anthu, idalonjeza mu Seputembala 2024 kuti gemu yotsatira ya The Crew 2 idzatha kuseweredwa popanda intaneti, ndipo idakwaniritsa izi mu Okutobala 2025. Chimene chidatheka pa gemu yachiwiri n'chovuta kuchitcha chosatheka pa yoyamba.

Nkhani ya Cyberpunk 2077 ikuonetsa vuto lina, lomwe ndi kubisa. Kampani ya CD Projekt ya ku Poland idatulutsa gemuyi pa 10 Disembala 2020, anthu 8 miliyoni atalipiriratu asanaione. Atolankhani ounika magemu adapatsidwa mtundu wa pakompyuta wokha, womwe unkayenda bwinoko. Mtundu wa pa makina a PlayStation 4 ndi Xbox One, womwe anthu miyandamiyanda adagula, udabisidwa mpaka tsiku lotulutsa, ndipo udapezeka wodzadza ndi zolakwika, woima pawokha ndi kuzima munthu ali mkati mosewera. Patatha masiku anayi kampaniyi idapepesa ndi kuuza odandaula kuti akatenge ndalama zawo kwa Sony ndi Microsoft. Ambiri amene adapita kwa Sony adabwezedwa chimanjamanja chifukwa malamulo a sitolo yake sankalola kubweza ndalama za gemu imene munthu wayamba kale kusewera. Kampani idalonjeza ndi thumba la mwini. Sabata yomweyo Sony idachotsa gemuyi m'sitolo yake ndi kuvomera kubweza ndalama, ndipo idaibwezeramo mu Juni 2021.

Mmodzi mwa eni kampaniyi, a Marcin Iwiński, adaonekera pa kanema mu Januwale 2021 kupepesa ndi kusenza mlandu m'malo mwa antchito awo. Gemuyo idakonzedwa m'zaka zotsatira mpaka kuyamba kutamandidwa. Koma tisaiwale kuti magemu oposa 13 miliyoni adali atagulidwa kale m'masiku khumi oyambirira, ndipo chipepeso cha madola 1.85 miliyoni chimene kampaniyi idavomera kulipira pa mlandu wa ku America chidapita kwa eni masheya, osati kwa osewera.

Nkhani imene idakhudza Africa mwachindunji ndi ya Helldivers 2. Gemuyi, yopangidwa ndi kampani ya Arrowhead ya ku Sweden ndi kufalitsidwa ndi Sony, idatuluka mu Febuluwale 2024 ndipo idagulitsidwa pafupifupi padziko lonse kudzera pa sitolo ya pa intaneti ya Steam. Patatha miyezi itatu Sony idalengeza kuti aliyense wosewera pakompyuta ayenera kukhala ndi akaunti ya PlayStation Network, apo ayi atsekeredwa kunja. Lamuloli lidalembedwa pa tsamba logulitsira kuyambira pachiyambi, koma silinkatsatidwa. Chimene olengezawo sadachilabadire n'choti akauntiyi siperekedwa m'maiko ambiri, kuphatikizapo ochuluka a mu Africa. Anthu adagulitsidwa katundu, kenaka adauzidwa kuti abweretse chiphaso chimene wogulitsayo sachipereka kwawo.

Osewera adalemba madandaulo zikwi mazanamazana pa Steam m'masiku atatu okha, ndipo pa 6 Meyi Sony idabweza ganizo lake. Amene adasangalala adali a ku Ulaya ndi America. Gemuyo idali itachotsedwa kale pa msika m'maiko ndi zigawo zoposa 170, ndipo padatenga chaka chathunthu kuti ziletsozo ziyambe kuchotsedwa mu 2025. Wofuula kwambiri adamvedwa msanga, wa kutali adadikira.

Poyang'ana nkhani zonsezi, chooneka n'chakuti kupepesa kwa makampaniwa kumabwera msanga pamene mbiri yawo ili pa chiopsezo, koma khalidwe limasintha pamene boma lalowererapo. Chitsanzo chimene akuluakulu a m'maofesi a boma ayenera kuchisunga ndi cha ku Australia. M'chaka cha 2014 bungwe loona za mpikisano ndi ufulu wa ogula m'dzikolo lidasumira kampani ya Valve, mwini wake wa Steam, chifukwa chouza ogula kuti sangabwezeredwe ndalama zivute zitani. Valve idadziteteza ponena kuti ndi kampani ya ku America, sichita malonda ku Australia, ndipo mgwirizano wake umatsatira malamulo a chigawo cha Washington. Bwalo lidakana mfundoyi mu 2016 ndi kugamula chindapusa cha madola 3 miliyoni a ku Australia. Mlanduwu uli mkati, mu Juni 2015, Steam idakhazikitsa ndondomeko yobweza ndalama kwa wogula aliyense amene wapempha pasanathe masiku 14 ndipo sadasewere maola opitirira awiri. Ndondomekoyi imathandiza ogula a m'maiko onse, ngakhale amene maboma awo sadasume.

Ku America, bungwe la Federal Trade Commission lidagwirizana ndi kampani ya Epic Games, mwini wa Fortnite, mu Disembala 2022 kuti ilipire madola 520 miliyoni. Mwa ndalamazi, 275 miliyoni zidali za kuphwanya lamulo loteteza zinsinsi za ana, ndipo 245 miliyoni zidali zobwezera ogula. Bungweli lidati mabatani adaikidwa mwakuti munthu ankatha kugula chinthu mwangozi pongodina kamodzi, ana ankatha kuwononga ndalama za makolo popanda chilolezo, ndipo amene ankakadandaula ku banki ankatsekeredwa akaunti ndi kutaya zonse zimene adagula kale. Lidatinso kampaniyi idanyalanyaza madandaulo oposa 1 miliyoni. Dziko la Belgium nalo lidagamula mu 2018 kuti timabokosi ta mwayi togulidwa ndi ndalama m'magemu ndi juga basi.

Lamulo limene lidalunjika pa mawu enieniwo ndi la California, lomwe bwanamkubwa Gavin Newsom adasainira mu Seputembala 2024 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2025. Likuletsa wogulitsa katundu wa pakompyuta kulemba kuti "gula" popanda kuuza wogula momveka kuti akulandira chilolezo chabe. Steam idaika chenjezo loterolo lamulolo lisanayambe n'komwe. Lamuloli silibwezera munthu gemu yake. Limangoonetsetsa kuti wauzidwa asanalipire, ndipo ena anganene kuti lavomereza kulandako bola kukhale kolengezedwa. Ngakhale zili choncho, n'kofunika kuti wogula adziwe kuti akuchita lendi, chifukwa mtengo wa lendi ndi wa kugula sufanana m'maganizo a munthu.

Kuno kwathu ogula magemu mwa njira zimenezi ndi ochepa, ndipo palibe kampani ya ku Paris kapena ku Tokyo imene ingasowe tulo chifukwa cha madandaulo ochokera ku Lilongwe. Komabe zida zilipo. Lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024 lidapatsa bungwe la CFTC mphamvu yolipitsa chindapusa, ndipo likulu la bungwe la COMESA loona za mpikisano ndi ogula lili mu mzinda wa Lilongwe womwewu. Dziko limodzi laling'ono likhoza kunyalanyazidwa, koma msika wa maiko 21 ukalankhula pamodzi umamveka, monga chigamulo cha ku Australia chidaonetsera kuti kukhala kunja si chishango.

Kwa ogwira ntchito m'boma nkhaniyi ili pafupi kuposa magemu. Mapulogalamu ambiri amene maunduna ndi makhonsolo amagwiritsa ntchito polemba makalata, kuwerengera ndalama ndi kusunga kaundula amabwera pa mgwirizano wa mtundu womwewu: chilolezo chokhala ndi malire, chimene mwini angasinthe kapena kuthetsa. Makomiti ogula katundu amaunika mtengo ndi tsiku lofika katundu, koma ndime yonena za tsiku limene wogulitsa adzasiye kuthandiza, ndi zimene zidzachitikire kaundula wa boma tsikulo likadzafika, ndiyo iyenera kuwerengedwa mofatsa kuposa zonse.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kupereka chitetezo cha nthawi zonse ku Windows 10, makompyuta ochuluka padziko lapansi akuigwiritsabe ntchito. Makinawo sadazime monga The Crew, koma ofuna chitetezo chopitirira adayenera kulowa m'ndondomeko yapadera. Ogula wamba a m'maiko ena adauzidwa kuti alipire madola 30, kapena agwiritse ntchito mapointi a kampaniyo, kapena alole kusunga zina za pa kompyuta yawo pa maseva a Microsoft. A ku Ulaya, bungwe la ogula la Euroconsumers litadandaula, adapatsidwa chaka chimodzi chaulere popanda kukakamizidwa kuchita chilichonse mwa zitatuzi.