Nambala 3 Imapusitsa Anthu M'mapiri a Alps

Monga wophunzira chiyankhulo, ndimakhulupirira kuti chenjezo limene anthu salimvetsa silisiyana ndi kukhala chete. Chitsanzo ndi chenjezo la chigumukire cha chipale chofewa m'mapiri a Alps ku Ulaya.

Chipale chofewa chimaunjikana m'magawo, lina pamwamba pa linzake. Gawo lapansi likakhala lofooka, kulemera kwa munthu mmodzi kungathe kugumula gawo lonse lapamwamba, makamaka pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45. Munthu wokwiririka akapanda kufukulidwa m'mphindi 15 zoyambirira, mwayi woti apulumuke umachepa msanga.

M'chaka cha 1993, mayiko a ku Ulaya adagwirizana zoyeza ngoziyi ndi manambala 1 mpaka 5. Koma ku Switzerland, pafupifupi theka la anthu ofa ndi zigumukire amafa chenjezo lili pa 3. Likafika pa 4 kapena 5, ambiri amaopa n'kukhala kunyumba. Likakhala pa 3, nambala yapakati, amaganiza kuti zinthu zili bwinoko, n'kukwera phiri kutali ndi malo otetezedwa.

Ena anganene kuti vuto ndi kusamva kwa anthuwo, popeza akatswiri amalemba kale mbali ya phiri imene ili yoopsa ndiponso chifukwa chake. N'zoona, koma maso a munthu wofulumira amathamangira pa nambala. M'maganizo mwanga, chenjezo liziyamba ndi mawu omveka akuti: lero phazi lanu lokha lingagumule phiri. Nambala izibwera pambuyo.